Thadzi Lakuda pa Khadi la Moni

Ndinakwatiwa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ananditenga chitengwa kuchoka kwathu ku Dwambazi kupita pa boma la Nkhotakota. Makolo anga anachokera kumpoto, ine ndinakulira m'tchalitchi. Kwa amuna anga kunali kwa Asilamu akalekale a m'tauni muja, choncho zophunzira zinandichulukira: kavalidwe, kaphikidwe ka mpunga, nthawi za mapemphero a swala, ndiponso amene ndiyenera kumugwadira ndi amene ndingomupatsa moni. Patangopita miyezi inayi amuna anga anapeza ntchito ku minda ya nzimbe ku Dwangwa. Kumeneko ankagona anthu anayi m'chipinda chimodzi, ndiye ine ndinatsala ndi apongozi.

Apongozi aamuna anali osindikiza. Ali anyamata anagwirapo ntchito imeneyo ku Bulawayo, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi kamakina kosindikizira kokanikiza ndi dzanja, pamodzi ndi madirowa asanu ndi limodzi a zilembo za mtovu. Zonsezi zinkakhala m'kachipinda kakumapeto kwa nyumba, kamene chitseko chake chinkayang'ana kunjira ya kumsika. Ankasindikiza makhadi oitanira anthu ku ukwati, makhadi a Idi ndi a Khirisimasi, komanso mapepala olembapo makalata okhala ndi dzina la sitolo pamwamba. Maenvulopu ankapinda okha n'kumata ndi phala la chinangwa. Khadi lililonse linkalowa m'makina palokha, ndipo ukaligwira unkamva ndi chala pamene zilembo zalowa m'pepala.

M'kachipindako ine sindinkalowamo. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada, iwo n'kudutsa akuyang'ana kumbali. Tiyi wawo ndinkamusiya pakhomo, kuomba m'manja, n'kuchokapo. Chaka choyamba chonse sindikumbukira kuti tinayankhulana mawu opitirira moni.

Tsiku lina m'mawa ndikutsuka mbale ndinamva munthu akukalipa kutsogolo kwa nyumba. Anali mphunzitsi wina amene anasindikizitsa makhadi a ukwati wake. Ukwatiwo unali wa pa 16, koma pa makhadi panatuluka pa 19, ndipo theka la makhadiwo anali atagawa kale asanazindikire. Apongozi anangoima pakhomo atagwira khadi limodzi pafupi kwambiri ndi mphuno yawo. Mphunzitsiyo atapita, anatseka chitseko, ndipo tsiku limenelo makina sanalire.

Masana ake apongozi aakazi anandipeza ndikusinja makaka. Anakhala pamwala n'kunena kuti, "Mwanangu, bambo akowa maso akuwavuta. Ndi ng'ala. Sakufuna kuti anthu adziwe. Paja iwe unafika Sitandade 8?"

Ndinavomera.

"Ndiye uziwawerengera asanasindikize zambiri. Ine zilembo zanga ndi za Chiarabu zokha, zinazi ndimangoona nyerere."

Tinayamba choncho. Bambo akasindikiza pepala loyesera, mayi ankalitenga n'kundibweretsera kuseri kwa nyumba. Ine ndinkazunguliza cholakwika ndi pensulo, mayi n'kulibweza. Nthawi zina pepala limodzi linkayenda maulendo anayi. Patatha milungu iwiri mayi anatopa. Anatenga mkeka n'kuuyala pakhomo penipeni pa kachipinda kaja.

"Miyendo yanga si ya mesenjala," anatero mokweza kuti onse awiri timve. "Iwe khala apa. Inunso uko, mwanayu sakulumani."

Ndinakhala pamkekapo, nkhope nditalozetsa kunja. Bambo ankaika pepala pakampando, ine n'kulitola. Poyamba sankayankhula kwa ine mwachindunji. Ankauza makina awo. Ndinkangomva akuti, "Munthu akafuna kutola chilembo, amayamba wafufuza kamzera kogobeka ndi chala. Kakakhala mbali imodzi pa zilembo zonse, ndiye kuti palibe chazondoka." Ine n'kuyankha kuti, "Ndamva, bambo." Mawa lake amvekere, "Munthu asamakhulupirire b ndi d. Pa mtovu zimanama." Pang'ono ndi pang'ono mkeka unalowa m'kati, ndipo inakwana nthawi imene ndinkaima pa madirowa n'kumandandalika ndekha zilembo pa kachitsulo kake, iwo atakhala pafupi ndi makina.

Ntchitoyo inali yofuna kudekha. Zilembo zimakhala chotembenuka ngati mmene zimaonekera pagalasi, ndipo umazindandalika chimodzichimodzi, n'kuika timitovu topanda kanthu pakati pa mawu. Ukamaliza umazimanga mufelemu yachitsulo n'kukhwimitsa, kuti ukainyamula pasagwe kanthu. Kawiri konse ndinanyamula felemu ndisanakhwimitse bwino, zilembo zonse n'kumwazikira pansi. Kachiwiriko ndinalira. Bambo anangoti, "Apongozi, tolani. Dirowa lililonse lilandire zake." Ndinatola mpaka dzuwa kupendeka. Inki tinkaipaka pa mbale yozungulira ya makinawo, pang'ono ngati nsawawa imodzi, ndipo pomaliza tinkatsuka ndi palafini. Zala zanga sizinkayeranso. Amayi ena kuchitsime ankandiseka, ena ankanong'onezana kuti mtengwa wanji wotsekeredwa m'chipinda ndi apongozi ake tsiku lonse. Mayi atamva analamula kuti chitseko chizikhala chotsegula, ndipo iwo ankakhala pakhonde pomwepo akusankha mpunga.

Zithunzi zosindikizira bambo anali nazo zitatu zokha, zachitsulo: belu, nkhata ya maluwa, ndi mwezi wokhala ndi nyenyezi. Anthu anali atazitopera. Ine kusukulu ndinkakonda kujambula, ndipo tsiku lina ndinajambula chambo kuseri kwa pepala lowonongeka. Bambo analipeza, n'kutuluka nalo padzuwa, kuliyang'ana nthawi yaitali. Patapita masiku awiri ndinapeza pamkeka panga tizidutswa ta mlombwa topalidwa bwino, tochokera kwa kalipentala, ndi nthiti ya ambulera yonoledwa kunsonga, ataikhomera m'kachigwiriro.

"Pamene mukufuna kuti payere, gobani," anatero. "Pamene mwasiya ndi pamene padzatenge inki. Musaiwale kuti nsombayo idzayang'ana mbali ina."

Chambo choyamba chinatuluka ngati chinangwa. Chachitatu chinaoneka nsomba. Kenako ndinasema ngalawa ya matanga, mtengo wa mango, ndi mayi atasenza mtolo wa mpunga. Makhadi amenewa anayenda kwambiri. Akalaliki a kuboma ankawagula, anamwino ankawagula, ndipo mwini sitolo wina ankatenga mulu kukaika pa kauntala yake. Koma ambiri ogula anali amayi amene amuna awo anali kutali, ku Halale, ku Joni, ena ku Lilongwe kumene kunkamangidwa mzinda watsopano. Ena mwa iwo sankadziwa kulemba, ndiye ndinkawalembera m'kati mwa khadimo zimene akufuna kunena.

Mmodzi mwa amayiwa anali wogulitsa zitumbuwa pamsika, wa ana anayi, ndipo mwamuna wake anali atatha zaka zitatu ku Halale. Anasanthula makhadi onse n'kuwabweza.

"Achemwali, nsombazi n'zabwino, koma munthu uja nsomba saaziiwala. Chimene waiwala ndi ana. Mundijambulire thadzi ndi anapiye ake, mwina akaona amva manyazi."

Ndinaseka, koma ndinasema. Linali thadzi lonenepa likupalasa pansi, anapiye anayi alizungulira, mmodzi atakwera pamsana. Pansi pake ndinandandalika mawu akuti Moni wochokera kumudzi. Ndinkafuna litakhala lofiirira, koma inki yofiira inali itatha, ndipo munthu amene ankatitengera ku Blantyre anali asanabwere. Yobiriwira inali itauma m'chitini. Tinasindikiza ndi yakuda. Palibe mwa ife amene anaganizapo kalikonse. Amayi analikonda khadilo kuposa ena onse, moti pa milungu iwiri tinasindikiza kawiri.

Munali m'mwezi wa Ramadhani, anthu akumanga swaumu, osadya kapena kumwa mpaka dzuwa litalowa. Tsiku lina chakumam'mawa, titangoyamba makhadi a Idi, pakhomo panafika achinyamata awiri a chipani ovala malaya ofiira. Masiku amenewo kuwaona sikunali kwachilendo. Ankaima pamsika ndi pokwerera basi kufunsa makhadi a chipani, ndipo ine langa ndinkayenda nalo nditalimanga pansonga ya chitenje. Ndinayamba kumasula, koma mmodzi anandikaniza ndi dzanja. Anatulutsa m'thumba khadi la thadzi lija.

"Izi zachokera muno?"

Bambo anafunsa kuti ndi chiyani. Ndinawauza motsitsa mawu.

"Eya, zachokera muno," bambo anatero.

"Tcheyamani akukufunani ku ofesi. Inu pamodzi ndi amene anajambula."

Apa m'pamene ndinazindikira. Chizindikiro cha chipani chinali tambala wakuda. Anali pa mbendera yawo, pa makhadi awo, pa zitenje zimene tinkavala povina. Ife tinali titasindikiza nkhuku yakuda yaikazi n'kumaitumiza mpaka kunja kwa dziko. Ndinali nditamvapo za anthu otengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa, ndipo zaka zimenezo munthu wa makolo a kumpoto sankachedwa kukayikiridwa.

Bambo anavala kofiya yawo n'kutenga ndodo. "Anajambula ndine," anatero. "Tiyeni."

"Anati tibwere ndi mtengwa wanu."

"Abwera, chifukwa ndi amene andigwire dzanja panjira."

Sanali atandigwirapo dzanja, ndipo tsikulo sanandigwirenso. Anagwira nsonga ina ya ndodo, ine ina, ine patsogolo. Tinadutsa pamsika. Mayi wa zitumbuwa uja anatiwona n'kuweramira m'dengu lake. Tisanafike bambo anayankhula chapansipansi, osandiyang'ana. "Apongozi, kumene tikupitaku inu mulibe pakamwa. Mwamva?" Ndinati ndamva.

Ofesiyo inali chipinda chimodzi, tebulo, benchi, ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko pakhoma. Tcheyamani anali munthu wachikulire, wogula ndi kugulitsa nsomba zouma, ndipo bambo ankadziwana nawo kuyambira kale. Pambali pawo panakhala mlembi, mwamuna wowonda wa magalasi amene sindinkamudziwa. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko.

Tcheyamani anapereka moni mwaulemu, kufunsa za kunyumba ndi za swaumu, kenako anaika khadi patebulo.

"Akulu, ichi n'chiyani?"

"Ndi thadzi ndi anapiye ake."

"N'chifukwa chiyani lili lakuda?"

"Inki ina inatha. Mukafuna tumani munthu akaone zitini."

Mlembi analowerera. "Nkhuku zilipo zamitundumitundu, zoyera, zamawangamawanga. Inu mwasankha yakuda, n'kuisandutsa yaikazi, ikupalasa m'zinyalala. Mukufuna anthu a ku Halale aziti chiyani za dziko lino?"

"Ndimafuna aziti kumudzi kuli ana."

"Ndipo musatinamize. Tauni yonse ikudziwa kuti maso anu sakuona. Wasema uyu." Anandiloza ndi cholembera. "Kwanu n'kuti, mayi?"

Ndinatsegula pakamwa, koma bambo anagogoda ndodo pansi.

"Kwawo ndi kunyumba kwanga. Ndinawatenga ndine, shehe anamanga ukwati wa nikahi, mboni zilipo. Ameneyu amatsuka makina ndi kupinda maenvulopu. Maso anga afooka, inde, koma thabwa munthu amasema ndi zala. Makina ndi anga, inki ndi yanga, ndipo palibe pepala limene limatuluka m'chipinda chija ine ndisanavomere. Ngati pali wogona muno, ndigona ndine."

Mlembi anati awapatse thabwa aseme pomwepo tione. Bambo anatambasula dzanja n'kuti, "Bweretsani." M'chipindamo munalibe thabwa, munalibenso chosemera, ndipo tcheyamani sanatume munthu. Anangokhala akutembenuza khadilo. Kenako anati nkhaniyo ayenera kukambirana ndi anzawo, ife tidikire panja.

Tinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Panja panalibe mthunzi weniweni, koma kachidutswa ka khonde kamene kankasuntha ndi dzuwa. Bambo anakhala pa njerwa, ine chapatali pang'ono. Anali atamanga swaumu, milomo yawo inauma mpaka kuyera. Nthawi ya swala ya masana anapempha chilolezo chopita kumzikiti, anawakaniza, ndiye anayala mpango wawo pansi pomwepo n'kuswali. Mayi anabwera kawiri n'kuima kutsidya kwa msewu. Ine ndinali ndi mantha, komanso manyazi aakulu kuti munthu wamkulu chotere akupsa ndi dzuwa chifukwa cha nkhuku yanga. Nthawi ina ndinasendera pafupi n'kunena kuti, "Bambo, bwanji ndingonena zoona?"

"Mukanena, ine ndikhala wabodza pamaso pa anthu awa, inunso akutengani. Tipindula chiyani? Khalani pansi."

Atatiitananso, mlembi uja munalibe. Tcheyamani anayankhula mwachidule. Makhadi onse a thadzi otsala abwere ku ofesi pamodzi ndi thabwa lake. Nkhuku ya mtundu uliwonse isadzatulukenso m'makina athu. Chithunzi chilichonse chatsopano tiziyamba tawaonetsa iwo. Ndiponso kunkabwera msonkhano wa chipani, ndipo mapepala oitanira anthu tisindikize ndife ngati chopereka chathu. Bambo anathokoza. Tikutuluka, tcheyamani anawaperekeza mpaka pakhomo n'kunena motsitsa, "Akulu, inki yofiira muzigula isanathe."

Achinyamata aja anabwera nafe kunyumba. Ndinawapatsa makhadi amene anali ataumikidwa pa chingwe ndi ena a m'katoni, kenako thabwa. Anakaotcha kuseri kwa ofesi. Ndinamva pambuyo pake kuti anayendanso pamsika kufunsa amene anagula, ndipo amayi onse anati anatumiza kale. Amene anakanena nkhaniyi sitinamudziwe mpaka lero. Ena ankati ndi wa ku positi ofesi, ena ankati ndi mwamuna wina amene khadilo linamupsetsa mtima. Bambo sanafune kuti tifufuze.

Loweruka lake amuna anga anafika kuchokera ku Dwangwa, atamva nkhaniyo kwa woyendetsa lole. Anali okwiya ndi mantha. Anati apeza kachipinda kwa mnzawo, ndilongedze tinyamuke mawa lomwe, zosemasemazi zithe. Anakauza bambo awo pakhonde, ine ndikumvera kukhitchini.

"Mkazi ndi wako," bambo anatero. "Ukamutenga sindikuletsa. Koma udziwe kuti akachoka, chipinda chija ndikhoma, chifukwa ine ndekha sindingathenso. Ndipo umufunse mwini wake. Ine ndagwira ntchito ndi anthu ambiri, Azungu ndi Amwenye omwe. Wa dzanja ngati lake sindinamuone kawirikawiri."

Sindinali nditamvapo akunena zotere. Kwa ine sanazinenepo, tsiku limenelo kapena pambuyo pake.

Amuna anga anandifunsadi. Ndinawauza kuti mantha ndili nawo, koma Idi yatsala masiku asanu ndi anayi, makhadi ake sitinamalize, ndiponso pali mapepala a msonkhano amene tikapanda kusindikiza bambo abwereranso ku ofesi kuja. Ndinati tikamaliza zimenezo tidzakambirane. Anabwerera okha Lamulungu, osakondwa. Idi itadutsa kunabwera maukwati a nyengo yachilimwe, kenako Khirisimasi, ndipo nkhani yosamukayo inangozirala yokha. Patapita zaka ziwiri amuna anga ndi amene anabwerera, atapeza ntchito yoyendetsa galimoto pa boma pomwepo.

Chithunzi chilichonse chatsopano ndinkapita nacho kwa tcheyamani monga anatilamulira. Bambo ankandiperekeza poyamba, kenako ndinkapita ndekha. Ndinkanena kuti bambo asema ichi, tcheyamani n'kuyang'ana, n'kunena kuti akuluwa dzanja lawo silikalamba. Tonse awiri tinkadziwa. Anakana chimodzi chokha, cha mvuu itayasamula, osanena chifukwa chake, ndipo ine sindinafunse. Ndinasema usipa pathandala, mpasa, msodzi akusoka ukonde, maluwa a m'dambo. Mbalame ndinazisiyiratu, ngakhale bakha.

Maso a bambo anapitirira kufooka mpaka anasiya kusiyanitsa munthu ndi mtengo. Kuchipatala anawauza zopita ku Lilongwe kuti akawachite opaleshoni, iwo anakana. Ankabwerabe m'kachipindamo m'mawa uliwonse n'kukhala pakampando pafupi ndi chitseko. Khadi loyamba likatuluka ndinkaliika pa bondo lawo, iwo n'kuliyendetsa zala kumbuyo. Akati, "Mwakanikiza kwambiri, apongozi, pepala libooka," ndinkachotsa pepala limodzi pansi pake n'kuyesanso. Akangoti, "Pitirizani," ndinkasindikiza onse. Tinagwira choncho zaka zisanu ndi ziwiri, ine ndikubereka ana atatu pakati pake, mpaka chifuwa chinawagoneka m'nyengo ya mvula, n'kumwalira. Mapepala odziwitsa abale akutali za sadaka yawo ndinasindikiza ndekha, ndipo ndinawawerenga katatu ndisanawapereke.